Oimbitsa Bandi Athu: Kumene Achokera ndi Amene Adzalowe M'malo Mwao

  Tiyesetsa kusatalikitsa, pakuti tikudziwa kuti miphika ili pa moto, ndiponso ena mwa inu muli ndi ulendo wobwerera.

M'mawa muno tonse tinaguba kuchokera pa msika kudzafika pano, bandi ili patsogolo pathu. Munaona m'mene ana anathamangira kutuluka m'makomo, ndi m'mene amai ogulitsa tomato anaimirira kusiya malonda ao. Maso a anthu onse anali pa mnyamata wa patsogolo uja amene amaponya ndodo m'mwamba naiwakha isanagwe. Koma kodi alipo amene anaona bambo wachikulire amene amayenda cha m'mbali, kalipenga kali m'dzanja, akuyang'ana uku ndi uku ngati nkhuku ya anapiye? Ameneyotu ndiye mwini nyimbo. Wa ndodo uja ntchito yake ndi kutsogolera mapazi ndi kusonyeza pokhota ndi poima. Koma amene adaphunzitsa mnyamata aliyense kugwira lipenga, amene adasankha nyimbo nagawira aliyense mzere wake, ndi bambo wa m'mbali uja. Asilikali amamutchula kuti bandimasitala; ife tingoti woimbitsa bandi. Nkhani yathu lero ndi ya anthu amenewa: kumene amachokera, m'mene amaphunzirira luso lao, ndi m'mene amapezera chakudya cha ana ao.

Tasankha mutu umenewu chifukwa cha chinthu chimodzi chimene chikutiwawa mu mtima. Bandi imene tinaguba nayo lero ndi yobwereka. Tinachita kusonkha ndalama kuti ibwere, ndipo madzulo ano ikwera galimoto kubwerera kwao. Komatu amai amene mudakhalitsa kuno mukumbukira kuti m'dera lathu lino mudali gulu lathulathu la malipenga. Ankaphunzitsa anyamatawo ndi bambo wina amene adapuma pa ntchito ya usilikali. Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse madzulo ankasonkhana pansi pa mtengo wa mango, ndipo ife tinkamva tili pa mtondo kapena pa mpopi. Pa ukwati analipo, pa maliro analipo. Tsono chaka china bamboyo adadwala, ana ake nadzamtenga kupita naye kumudzi. Isanathe miyezi isanu ndi umodzi gulu lija lidabalalika.

Taganizani bwino, amai. Malipenga adalipo, ng'oma idalipo, anyamata adalipo. Chidasowa ndi munthu mmodzi yekha. Nyimbo zonse zidali m'mutu mwa bamboyo. Padalibe kope, padalibe wachiwiri wake. Malipenga aja adakhala m'bokosi kufikira mabatani ake adauma osathekanso kudinikiza. Ndipo tisaloze chala wina aliyense, pakuti mlandu uli ndi ife tomwe. Tidavina, tidaimba nthungululu, tidafupa ndalama pa maukwati, koma padalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene adafunsa kuti, “Kodi bambo, mukadzatopa adzagwire ntchitoyi ndani?”

Tisanapite patali tiyambe taona ntchito yeniyeni ya woimbitsa bandi, chifukwa ambiri timayesa kuti ndi kungogwedeza manja. Lipenga laling'ono lija lili ndi mabatani atatu okha, koma limatulutsa mau ambirimbiri. Chinsinsi chake chili pa milomo: woimba amanjenjemeretsa milomo yake m'kamwa mwa lipenga, ndipo akaithina mau amakwera, akaimasula mau amatsika. Kuti mwana adziwe zimenezi pamapita miyezi, ndipo masabata oyamba lipengalo limalira ngati mwana wa ng'ombe wosowa amake. Woimbitsa ayenera kukhala nalo khutu lopirira phokoso limenelo, ndi kumva pakati pa anthu makumi awiri kuti amene waphonya ndi uyu.

Chinanso n'chakuti malipenga sali ofanana. Monga ife m'kwaya tili ndi sopulano, aluto, tena ndi besi, momwemonso bandi ili ndi malipenga ang'ono otsogolera nyimbo, apakati odzaza mau, okoka aja, ndi akuluakulu a besi. Ndiponso “do” wa lipenga lina sali “do” wa lipenga linzake. Chotero woimbitsa amakhala pansi usiku ndi nyali, kulembera mtundu uliwonse wa lipenga mzere wakewake, kuti mawa onse akaomba pamodzi nyimbo ituluke imodzi. Pamwamba pa izo ndiye wokonza zida zikaonongeka, woweruza milandu anyamata akayambana, wosunga thumba la gulu, ndi wopepesa kwa makolo mwana akafika mochedwa kunyumba. Munthu wotere sangopezeka pa msewu. Amachita kuumbidwa, ndipo kuno kwathu waumbidwa m'malo anai.

Malo oyamba ndi ku usilikali. M'chaka cha 1902 boma la Britain lidaphatikiza magulu a asilikali a m'maiko a kuno kum'mawa ndi pakati pa Africa nakhala gulu limodzi lotchedwa King's African Rifles, lija makolo athu ankangoti Keyala. Asilikali a Nyasaland likulu lao lidali ku Zomba. M'kampu ya asilikali lipenga lidali ngati wotchi: kudzuka lipenga, kudya lipenga, kugona lipenga. Mnyamata wa khutu labwino ankayamba ndi kalipenga kopanda mabatani koitanira anthu, kenaka nkulowa m'bandi, kuphunzira kuwerenga manotsi a pa mizere isanu, ndi kukwera pang'onopang'ono kufikira atapatsidwa chigawo chake choti aziphunzitsa. Ku Zomba komweko kudalinso bandi ya apolisi. Dziko litalandira ufulu mu 1964, asilikali aja adasanduka Malawi Rifles, ndipo mwambo wa bandi udapitirira.

Asilikali a ku Britain nawonso adachita kuphunzira ndi manyazi kuti woimbitsa ayenera kuphunzitsidwa. Mbiri imati m'chaka cha 1854, pa nthawi ya nkhondo ya ku Crimea, mabandi ao ambiri adasonkhana ku Scutari m'dziko la Turkey pokondwerera tsiku lobadwa la Mfumukazi Victoria. Onse adaomba nyimbo ya fuko lao nthawi imodzi, koma bandi iliyonse mwa njira yake ndi pa kiyi yakeyake, kotero kuti chidamveka ndi chisokonezo chokhachokha pamaso pa alendo. Patapita zaka zitatu, mu 1857, adatsegula sukulu yophunzitsa oimbitsa bandi ku Kneller Hall pafupi ndi London, ndipo sukuluyo idakhala pamalopo kufikira 2021. Mukuonatu kuti ngakhale zida zikhale zonyezimira chotani, popanda munthu wophunzira wozigwirizanitsa zimangosokosa.

Bambo wathu wa pansi pa mango uja adadzera njira imeneyi. Ndipo sali yekha. Lilongwe chikhalireni likulu la dziko mu 1975, muno muli Kamuzu Barracks ndi likulu la apolisi ku Area 30, ndipo ambiri opuma pa ntchito zimenezi amakhazikika m'makomboni mwathu momwe muno. Mwina wina amene mumagula naye makala kapena amene amalondera pa sitolo usiku adaombapo lipenga pamaso pa atsogoleri a maiko. Ife sitidziwa chifukwa sitifunsa.

Malo achiwiri ndi pa bwalo la kumudzi. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo ankaitcha nkhondo ya Chiwaya, amuna ambirimbiri a dziko lino adatengedwa, ena ngati asilikali, ena ngati amtengatenga osenza katundu. Kumeneko adaona perete ndi mabandi. Pobwera kumudzi adalibe malipenga a mkuwa, koma adali ndi makutu ndi nzeru. Adatenga mphonda zazitali, naziboola, namatapo kachikopa koyera kaja kamene kangaude amaphimbira mazira ake. Munthu akaimbiramo, mau amatuluka onjenjemera ngati a lipenga. Mphonda yaing'ono ya mau okwera, yaikulu ya besi. M'menemo ndimo mudakulira magule a malipenga ku Nkhata Bay, ku Likoma ndi ku Karonga, ndi mganda kuno ku chigawo cha pakati, ku Dowa, ku Ntchisi, ku Kasungu ndi m'midzi yozungulira Lilongwe. Kwa anzathu Ayao ku Mangochi kudafika beni, gule amene adayambira ku gombe la nyanja yaikulu, ku Mombasa ndi ku Lamu, m'zaka za m'ma 1890. Dzina lakuti beni lidachokera ku liu lomwelo la Chingerezi limene ife timati bandi.

Magulu amenewa adali ndi dongosolo lao. Gulu la malipenga linkatchedwa boma, ndipo linkakhala ndi kingi wake ndi akapitao ake, ena mpaka dokotala woyendera ukhondo wa ovina. Mtsogoleri wa nyimbo sadapite ku sukulu ya manotsi ai. Adayamba ali kamwana, kunyamulira akulu ng'oma, kuonerera, kuyeserera kuseri kwa nkhokwe, kufikira tsiku lina wamkulu atatopa namuuza kuti, “Tagwira apa.” Onani nzeru ya makolo: pa bwalo la mganda ana sathamangitsidwa. Amaima kumapeto kwa mzere namaponda molakwitsa, koma m'kulakwitsa momwemo mukukula mtsogoleri wa mawa. Ndicho chifukwa chake magule amenewa apyola zaka 100 osafa, pamene gulu lathu la malipenga a mkuwa lidafa ndi munthu mmodzi.

Malo achitatu ndi m'kalasi ndi m'kwaya, ndipo pano, amai, tcherani khutu, chifukwa nkhaniyi idayamba ndi mzimai. Ku Norwich m'dziko la England kudali Mai Sarah Glover, mwana wa mbusa, amene ankaphunzitsa ana kuimba. Ataona kuti manotsi a pa mizere isanu akuwavuta anawo, adakonza njira yapafupi yolembera nyimbo ndi malemba, nasindikiza buku lake mu 1835. M'chaka cha 1841 mbusa wina wachinyamata, John Curwen, adapemphedwa ndi aphunzitsi a Sande Sukulu kuti apeze njira yosavuta yophunzitsira nyimbo. Iye adatenga njira ya Mai Glover, naikonzanso, naifalitsa. Imeneyo ndiyo solfa, do re mi uja timamuona m'mabuku a nyimbo. Mai Glover adamwalira mu 1867, osadziwa kuti ntchito yake idzafika ku Nsungwi.

Amishoni atafika ku Cape Maclear mu 1875, ku Blantyre mu 1876, ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, adadza nayo solfa. Ubwino wake ndi wakuti safuna limba kapena chida chilichonse. Bolodi ndi choko basi. Chotero mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi ndiye adasanduka woimbitsa woyamba: m'mawa masamu, masana nyimbo. Ku South Africa mphunzitsi wotere, Enoch Sontonga, amene ankaimbitsa kwaya pa sukulu ya mishoni ya Methodist pafupi ndi Johannesburg, adapeka nyimbo mu 1897 yoti aziimba ana a sukulu yake. Iye adamwalira mu 1905 ali munthu wamba, koma maimbidwe a nyimbo yakeyo adadzalowa m'nyimbo za fuko za Tanzania, Zambia ndi South Africa. Kumpoto kwa dziko lathu, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mbusa Donald Fraser wa ku Loudon, kumene timati ku Embangweni, adalimbikitsa Angoni kupeka nyimbo m'maimbidwe a makolo ao, ndipo kudatuluka akatswiri monga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula. Nayonso nyimbo ya fuko lathu idapekedwa ndi mwana wa dziko lino, malemu Michael Sauka, amene adabadwa mu 1934 namwalira mu 1990. Nyimbo yake idapambana pa mpikisano nilandiridwa mu 1964, iye ali ndi zaka pafupifupi 30 zokha. Ana athu amaiimba pa sukulu, koma ndi angati amene amadziwa dzina la mwini wake?

Ngakhale bandi za malipenga za mpingo wa Salvation Army, umene udayamba ntchito yake m'Malawi mu 1967, chiyambi chake chidali cha pa banja. Mu 1878, mu mzinda wa Salisbury ku England, mmisiri wina womanga nyumba, Charles Fry, adapita ndi ana ake amuna atatu kukatchinjiriza alaliki a pa msewu kwa anthu achipongwe. Popita adatenga malipenga ao, ndipo bandi yoyamba idabadwa motero. Masana njerwa, madzulo lipenga; ndipo ophunzira ake oyamba adali ana a m'nyumba mwake.

Malo achinai ndi a masiku athu ano: wailesi, magulu a achinyamata ndi sukulu za nyimbo. Amai achikulire mukumbukira MBC Band, imene idayamba m'zaka za m'ma 1970, ndi maina a Bambo Mjura Mkandawire ndi Bambo Wyndham Chechamba amene adali pakati pa oiyambitsa. Bambo Chechamba sadasunge luso lao m'thumba. Kwa zaka zambiri adaphunzitsa achinyamata nyimbo pa sukulu yao ku Blantyre. Koma chitsanzo chimene chikutikhudza kwambiri ife ndi cha ku Balaka. Kumeneko mu 1978 kudabadwa Alleluya Band. Mtsogoleri wake, Paul Banda, adali mnyamata chabe, ndipo wansembe wa ku Italy, Bambo Mario Pacifici wa chipani cha Montfort, adaona luso la anyamatawo nawathandiza. M'gulu limenelo mudadzera Charles Sinetre, Coss Chiwalo, ndi mng'ono wake wa Paul, malemu Lucius Banda, amene pambuyo pake adayambitsa Zembani Band ndipo adatisiya mu 2024. Oimba ankalowa ndi kutuluka, atsogoleri ankasinthana, koma gululo lidapyola zaka 40 likuimbabe. Chifukwa chake n'chiani? Aliyense wogwira gitala adali ndi wamng'ono pambali pake womuyang'ana zala.

Ku Karonga nako kuli phunziro. Mai Agnes Kim a ku Korea, amene adali katswiri woimba ndi mphunzitsi wa nyimbo pa sukulu ya ukachenjede kwao, atapuma pa ntchito sadakhale pa khonde. Adadza ku Karonga nayambitsa sukulu ya nyimbo ya Lusubilo, kumene ana a m'midzi adaphunzira malipenga ndi kuwerenga manotsi. Ku Zomba, ku sukulu ya ukachenjede ija tinkaitcha Chancellor College, nyimbo ndi phunziro lotengera digiri. Ndipo konkuno ku Lilongwe, ku Area 23, bungwe la Music Crossroads lidatsegula sukulu yophunzitsa achinyamata nyimbo. Alendo athu a ku Area 23 angatichitire umboni.

Tsono tikayang'ana anthu onsewa pamodzi, msilikali, mtsogoleri wa mganda, mphunzitsi ndi mnyamata wa ku Balaka, tiona zinthu zitatu zofanana. Choyamba, onse adayamba ali ana, ndipo padali munthu wamkulu amene adawalola kukhudza chida. M'mera mpoyamba. Chachiwiri, palibe amene adayamba ndi kuimbitsa. Adayamba ndi chida chimodzi kapena liu limodzi, nakhala zaka akumvera wina, kenaka nkuphunzira zida zinazo kuti adziwe vuto la aliyense. Woimbitsa wabwino ndi uja adakhalapo kumapeto kwa mzere. Chachitatu, kupatula a ku usilikali, ku polisi ndi ku wailesi, ambiri sadadyere nyimbo. Fry adali womanga nyumba, Sontonga adali mphunzitsi, atsogoleri a mganda ndi alimi ndi asodzi. Oimbitsa a m'makomboni mwathu nawonso ndi akalipentala, atelala, aphunzitsi ndi anyamata a m'mafakitale a ku Kanengo. Amaweruka atatopa, anzao nkumapita kukapuma, iwo nkumapita kukamvera ana athu akuphonya manotsi.

Pamenepa ndi pamene pagona vuto la ife a m'tauni. Kumudzi mtsogoleri wa gule amakalambira pa mudzi pomwepo. Kuno ambiri tili m'nyumba za lendi. Mphunzitsi amasamutsidwa, wa ku fakitale amamuika pa ntchito ya usiku, wina ntchito ikatha amabwerera kwao. Woimbitsa wa m'tauni ndi mlendo, ndipo akulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ngati sititunga nzeru zake akadalipo, adzapita nazo.

Nanga ife amai tingachitepo chiani? Sitikupempha kuti tigule malipenga mawa. Tikudziwa m'mene thumba lathu liliri. Tikupempha zinthu zisanu zimene zili m'manja mwathu.

Choyamba, tifufuze. M'milaga yathu tifunse ngati muli bambo kapena mai amene adaimbapo m'bandi ya asilikali, ya apolisi, ya sukulu kapena ya mpingo uliwonse. Tiwayendere mwaulemu, titenge kankhuku kapena kashuga, tiwapemphe kuti atiphunzitsire ana. Tisaiwalenso kuti sukulu ya aphunzitsi ili konkuno ku Area 25, ndipo pakati pa ophunzira ake sipangalephere kupezeka odziwa solfa.

Chachiwiri, tigule kope. Nyimbo iliyonse imene kwaya yathu kapena gulu la ana athu laphunzira ilembedwe, mau ake ndi manotsi ake, pamodzi ndi dzina la woipeka ndi chaka. Masiku ano mafoni amajambula mau, ndipo nzabwino, koma foni imatayika, imabedwa, imagwera m'madzi. Kope likhale kwa mlembi, ndipo lina lofanana nalo kwa msungichuma.

Chachitatu, woimbitsa aliyense akhale ndi wachiwiri ndi wachitatu wake, ndipo awapatse mpata weniweni woimbitsa pamaso pa anthu, osati pa tsiku lokha limene iye wadwala. Tikudziwa kuti ena amaopa kulandidwa udindo. Tiwauze mwachikondi kuti ulemu wa mphunzitsi uli mwa ophunzira ake. Ndipo wachiwiriyo akalakwitsa, ife a m'mabenchi tisatsinane ndi kuseka. Adzaphunzira bwanji?

Chachinai, atsikana. Mwaona kuti pa maina onse a Amalawi amene tatchula lero palibe la mzimai? Sikuti amai alibe khutu. Ndani amayambitsa nyimbo pa chimtali ndi pa chiwoda? Ndani amadziwa kuti aluto yatsika pa maliro usiku, nkuikweza ndi diso lokha? Chigwirizano chiyambireni mu 1940, amai akhala akutsogolera nyimbo popanda kamtengo m'manja. Chimene tidamanidwa ndi manotsi ndi zida. Tamvapo ena akunena kuti lipenga limaononga chifuwa cha mtsikana. Zimenezo nzabodza, lipenga lifuna kapumidwe kabwino ndi milomo yozolowera, osati mphamvu za mwamuna. Nkhawa yoona ndi ya mdima, pakuti palibe kholo lofuna mwana wake wamkazi aziyenda usiku. Tsono maphunziro azichitika dzuwa likadalipo, ndipo ife tigawane masiku, mai mmodzi azikhalapo kufikira atha, naperekeze anawo. Potero tidzatchinjiriza ana athu, ndiponso mbiri ya mphunzitsi.

Chachisanu, tisamalire oimbitsa amene tili nao. Munthu amene wapereka madzulo ake zaka khumi asamayende wapansi kuchokera ku Mgona pamene ife tikadatha kumsonkhera ya minibasi. Akadwala tikamuone. Akaferedwa tikagone. Tikamuitana pa ukwati wa mwana wathu tisamuuze kuti “mudzadya konko” ngati kuti nsima ya tsiku limodzi ilipira lendi. Ndipo mwana akabwera ndi lipenga kunyumba nayamba kulira ngati mwana wa ng'ombe uja, tisamuthamangitse. Tipirire miyezi itatu. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Bokosi lija la malipenga likadalipo. Sabata yatha ife ena tidakalitsegula. Malipenga awiri adaphwanyika, koma ena angathe kulira atatsukidwa ndi kuthiridwa mafuta. Pansi pa bokosilo tidapeza kapepala kamodzi kokha, kolembedwa ndi pensulo m'dzanja la bambo uja: mizere inai ya solfa, yopanda mutu, yosamaliza. Tidayesa kuiimba, koma padalibe mwa ife wodziwa kumene nyimboyo inkapita. Kapepalako tabwera nako, ndipo tikapereka kwa Amai a pa Mpando kuti kamatidwe pa tsamba loyamba la kope limene tapempha lija.

Pempho lathu ndi lakuti pa chikondwerero china chikudzacho, pamene tidzagubanso kuchokera pa msika, bandi ya patsogolo idzakhale ya ana athu, ndipo woyenda cha m'mbali uja, kalipenga kali m'dzanja, adzakhale mwana wa mmodzi wa inu, kaya wamwamuna kaya wamkazi. Amene muli ndi dzina la munthu wodziwa malipenga, kapena la mwana wofuna kuphunzira, muonane ndi alembi tisanabalalike.